Batire ya sports car yanu ikungofa pafupipafupi? Musanagule ina yezani kaye izi

Dandaulo lomwe ndimamva kwambiri kwa anthu a ma sports car kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi loti batire ndagula yatsopano posachedwapa koma m'mawa galimoto ikungoti tche tche tche osalira. Ndiye munthu amabwerera ku Limbe kukakangana ndi wogulitsa, mwina amusinthira mwina agulanso ina, pakatha miyezi itatu inayi nkhani ndi yomweyo. Ndikunena ma Subaru Impreza WRX, Mazda RX-8, Mazda Roadster yomwe ena amaitchula kuti MX-5, Nissan Fairlady Z, Toyota 86, komanso ma BMW Z4 ndi ma Audi TT ochepa aja timawaona mumsewu wa Midima Loweruka ndi Lamlungu. Mabatire achinyengo alipo pamsika sindikukana, koma nthawi zambiri batire imakhala yaphedwa ndi zinthu ziwiri: galimoto ikukhalitsa itangoima, komanso batire yomwe inaikidwamo si ya galimoto imeneyo, anangoyeza ndi maso kuti bola ikwana.

Za kukhalitsazi musadabwe nazo. Magalimoto amenewa ndi otsika kwambiri, mvula ikayamba simungalowe nayo misewu ya m'maesiteti a tiyi kapena kutsetsereka nayo ku Thekerani, ndiye mwini wake amakwera pikapu kapena kagalimoto kena ka tsiku ndi tsiku, iyi imadikira tsiku la ukwati kapena ulendo wa ku Blantyre. Mafuta akasowa ndiye imakhala mwezi wathunthu pansi pa mtengo. Batire ya asidi ikakhala nthawi yaitali ili ndi moto wochepa mapuleti ake amachita chikhungu cholimba chomwe sichisungunukanso, ndipo ikaphwa moto wonse kawiri katatu ndiye kuti mphamvu yake yambiri yapita olo mutaitchaja bwanji.

Mvetserani kaye mmene ikukanira

Mukapotokola kiyi n'kumva tche tche tche mofulumira magetsi a pa dashibodi akuthimathima, ndiye kuti moto ndi wochepa kapena mitu ya batire siyikugwira bwino. Ikangoti tche kamodzi kokha koma malaiti akuwalabe bwinobwino, kayikirani sitata kapena waya wake, osati batire. Ikamazungulira injini mwaulesi ngati ikukoka katundu, ikhoza kukhala batire yotopa, waya wa ethi wadzimbiri kapena sitata yomwe yayamba kutha. Koma ngati injini ikuzungulira mwamphamvu osagwira, batire isiyeni, vuto lili ku mafuta, mapulagi kapena kiyi sakuwerengedwa ndi kompyuta, ndipo mukapitiriza kupotokola mungoipha batire yomwe inalibe mlandu.

RX-8 ili ndi khalidwe lakelake. Injini yake ndi ya rotary, imafuna kuzunguliridwa mwaliwiro kuti igwire, ndiye batire ikangofooka pang'ono mafuta amadzadza mkati mapulagi n'kunyowa. Zimachitikanso mukailiza m'mawa kukuzizira, kuisuntha pang'ono pabwalo n'kuizimitsa isanatenthe. Zikatero pondani accelerator mpaka pansi musanapotokole kiyi, kompyuta imadula mafuta, zungulitsani masekondi osapitirira 10, pumulani, bwerezani, kenako yesani osaponda. Pa galimoto iyi batire yofooka musailekerere ayi.

Multimeter ndiye imathetsa mkangano

Gulani multimeter, kamita koyezera magetsi, ndi yotchipa poyerekeza ndi batire, m'mashopu a zamagetsi ku Limbe imapezeka, pena ngakhale pa Luchenza kapena pa Chitakale. Ikani pa DC 20V. Yezani m'mawa galimoto itagona usiku wonse, chifukwa mukayeza mutangofika kumene nambala imakwera mwabodza. Khudzitsani mawaya a mita pa mtovu wa batire penipeni osati pa chomangira. Batire yodzadza imaonetsa ma volt 12.6 kapena kuposera pang'ono. Pa 12.4 yatsika koma ilipo, pa 12.2 ili pafupifupi theka, pa 12.0 yatsala pang'ono kuphweratu. Mukaona 10.5 kapena chapompo ngakhale mwaitchaja usiku wonse, selo imodzi mwa 6 zija yafa, pamenepo palibenso zokonza, gulani ina.

Kenako wina apotokole kiyi inu mukuyang'ana mita. Isatsike kupyola 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Batire yomwe ikuonetsa 12.6 itangokhala koma n'kugwa mpaka 7 kapena 8 pa sitata ndi yotha, ili ndi nambala yokha mphamvu ilibe. Injini ikalira yezaninso: pafunika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Yatsani malaiti, fani ndi wailesi, isagwe pansi pa 13.5 mukakweza injini pang'ono. Ikamangokhala pa 12 ndi kanthu ndiye kuti alternator, yomwe imatchaja batire injini ikamalira, sikutchaja kapena lamba waphwa, ikapitirira 15 ikuwiritsa batire, mudzamva fungo la mazira owola ndipo batire imatupa m'mbali. Magalimoto ena atsopanoko amasinthasintha nambalayi dala, pena 12.8 pena 14.8, kompyuta ndi yomwe ikulamula, ndiye pa amenewo musathamangire kuimba mlandu alternator musanaikepo makina oyezera.

Chonde chonde, chizolowezi chozula mutu wa batire injini ikulira kuti tione ngati alternator ikugwira chisiyeni. Pa mapikapu akalekale zinkatheka, koma pa galimoto ya kompyuta moto umalumpha mwadzidzidzi n'kuotcha ma diode a alternator kapena kompyuta imene, ndipo kompyuta ya RX-8 kapena Z4 simuipeza msanga kuno, mudzachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zomwe zikanagula mabatire angapo.

Pali kuyeza kwina komwe anthu amadumpha, kwa waya wa ethi. Waya umodzi wa mita pa negativu ya batire, wina pa chitsulo cha injini, wina apotokole kiyi. Mukaona kupitirira 0.5 ndiye kuti moto ukutayika panjira, masulani pomwe waya wamangidwa ku bodi, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani. Ndi chinyezi cha kuno, makamaka nthawi ya chiperoni mu June ndi July pamene chilichonse chimangokhala chonyowa masiku angapo, malo amenewa amadyeka msanga.

Chomwe chikudya moto galimoto itazima

Ngati batire ndi yabwino, alternator ikutchaja, koma ikakhala masiku atatu yafa, pali china chikuyamwa moto usiku. Magalimoto ochokera ku Japan amabwera ndi zinthu zambiri zomwe mwini wake woyamba anaikamo, wailesi ya mapu yolankhula Chijapanizi, kabokosi ka ETC kolipirira misewu ya kwawo, turbo timer pa ma Subaru, mageji owonjezera, ndiye ifenso timaonjezera alamu, tracker, amplifier ndi kamera, kulumikiza kwake kongopota mawaya n'kukulunga tepi.

Kuyeza kwake: zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko, masulani negativu, ikani mita pa 10A waya wofiira mutausamutsira pa bowo la 10A, lumikizani pakati pa mutu wa batire ndi waya mwamasula uja. Musapotokole kiyi mita ili pamenepo, fyuzi yake ipsa. Dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti makompyuta agone, ma BMW ndi ma Audi pena amachedwerapo. Pansi pa 0.05A zili bwino. Mukaona 0.3A werengani nokha: pa maola 24 ndi 7.2Ah (Ah ndi muyezo wa moto womwe batire imasunga), ndiye batire ya 45Ah pakutha masiku atatu yatsala theka, ndipo theka pa m'mawa wozizira ndi pomwe sitata imayamba kukoka. Zulani mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala igwe, pamene yagwerapo ndi pomwe pali wakubayo. Yambani ndi zinthu zoonjezera zija chifukwa zambiri sizidutsa n'komwe pa bokosi la mafyuzi, zinangomangidwa pa mutu wa batire. Amplifier yomwe waya wake wa remote analumikiza pa moto wosazima ndi yomwe ndimaipeza kawirikawiri. Laiti ya mu buti nayo imatha kukhala yoyaka buti itatsekedwa, ikanimo foni ikujambula vidiyo n'kutseka mudzaona. Mafyuzi onse akatha nambala osagwa, masulani waya waukulu wa kumbuyo kwa alternator batire mutaichotsa kaye, lumikizaninso mita, ikagwa ndiye kuti diode yaboola.

Pamwamba pa batire pomwe pakhale poyera. Fumbi lonyowa losakanikirana ndi asidi limadutsitsa moto pang'onopang'ono pakati pa mitu iwiri ija, pukutani ndi madzi a soda wophikira n'kuumitsa, koma madziwo asalowe m'mabowo a selo.

Kusankha batire yoyenera

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ndalama zikutayikira. M'mashopu timangoti ndipatseni NS40, NS60, N50, NS70 kapena N70, ndipo wogulitsa amafunsa kuti ndi galimoto yanji, mukati Subaru amangotola yomwe amagulitsa kwa a Forester onse. Koma batire ya Chijapanizi ili ndi nambala yomwe imanena zonse, mwachitsanzo 55D23L yomwe ili pa ma Impreza ambiri ndi ma RX-8 ena. Nambala yoyamba, 55, ndi mlingo wa mphamvu, si ma Ah ayi, ndipo mutha kukwera kupita pa 75D23L kapena 80D23L popanda vuto chifukwa bokosi ndi lomwelo. Chilembo D ndi kufufuma ndi msinkhu wa bokosi, D ndi pafupifupi 173 mm m'lifupi pamene B ndi pafupifupi 129 mm. Nambala 23 ndi kutalika kwake m'masentimita. Chilembo chomaliza ndi mbali ya mitu. Ikani batire patsogolo panu mitu ili chakufupi ndi inu: negativu ikakhala kumanzere pozitivu kumanja imeneyo ndi L, zikasemphana ndi R. Zitatu zomalizazi, chilembo, kutalika ndi mbali, musasinthe. Yoyamba yokha ndi yomwe mungakweze.

Maina athu aja akugwirizana chonchi: NS60 ndi bokosi la B24, N50 ndi NS70 ndi la D26, N70 ndi la D31. Ndiye muona kuti munthu wofuna D23 akapatsidwa NS70 wapatsidwa batire yotalika ndi masentimita 3, pa pikapu palibe kanthu koma mu sports car malo ndi ochita kuyeza, imakakhala mopendekeka pamwamba pa mkombero wa thireyi kapena kukhuza paipi. Chinanso, mabatire a B ali ndi mitu yowonda, a D yonenepa. NS60 yokhala ndi S kumapeto, monga NS60LS, ndi bokosi laling'ono koma mitu yonenepa. Mukalakwitsa apa chomangira chimakhala chogwedera, ndi pomwe mumaona anthu akhomerera msomali kapena kachitini pa mutu wa batire, zimene zimatenthetsa mutuwo mpaka kusungunuka. Ngati mwakakamizika gulani timphete ta mtovu topangidwira ntchito imeneyo.

Za L ndi R zisakuchepereni. Mawaya a magalimoto amenewa ndi aafupi, mukagula ya mbali ina mudzayamba kukoka waya wa pozitivu kudutsa pamwamba pa batire, kapena choopsa kwambiri, munthu wothamanga amangolumikiza mmene mawaya agwera osayang'ana zizindikiro. Kusemphanitsa kwa sekondi imodzi kumaotcha fyuzi yaikulu, pena alternator ndi kompyuta pamodzi.

Mukaona nambala ngati Q-85 kapena N-55, imeneyo ndi ya galimoto yomwe imazima yokha pa maloboti. Q-85 ndi bokosi la D23, N-55 ndi la B24, koma mkati ndi zolimbitsidwa kuti zipirire kuliza pafupipafupi. Mukaikamo yawamba igwira koma siikhalitsa.

Magalimoto a ku Ulaya, BMW, Audi, Mercedes SLK, Golf GTI, amagwiritsa mabokosi ena. M'lifupi ndi 175 mm, msinkhu 190 mm kapena 175 mm, kutalika 242, 278, 315 kapena 353 mm, ndipo mitu yake ndi yolowa mkati siitumphuka pamwamba. Mabatire ochokera ku South Africa amalembedwa manambala atatu ngati 646, 652 kapena 658. Awa amamangidwa m'munsi, pa kamlomo ka bokosi, pamene a Chijapanizi amamangidwa ndi chitsulo chodutsa pamwamba ndi ndowe ziwiri. Ya Chijapanizi mitu yake imafika chapa 225 mm, ndiye mukaiika pamalo a ya ku Ulaya pansi pa boneti yotsika, pozitivu imatha kugunda chitsulo mukaponda hampu. Tengani tepi muyeze thireyi, m'litali, m'lifupi ndi mpata wa pamwamba, lembani pa pepala, jambulani batire yakale ndi mawaya ake musanapite ku shopu. Koma musakhulupirire kwambiri batire yomwe mwaipezamo, mwina inaikidwa mothamanga pa doko ku Dar es Salaam kuti galimoto ingofika pa Songwe. Onani buku la galimoto kapena sakani pa intaneti ndi nambala ya chassis.

Pa lebulo pamakhalanso Ah ndi CCA. Tiyerekeze ndi chigubu cha madzi: Ah ndi kukula kwa chigubu, CCA ndi kukula kwa pakamwa pake pothira nthawi imodzi. CCA imayezedwa pa kuzizira kwa -18°C, komwe pa Boma kapena pa Bvumbwe sitidzakuona, ndiye maganizo anga ndi oti musalipire ndalama zambiri kuthamangitsa CCA yaikulu kwambiri, ingofikani pa yomwe opanga galimoto analemba kapena kuposera pang'ono, kupatula pa RX-8 pomwe yamphamvu imathandizadi. Kwa galimoto yokhalitsa itaima, Ah yokulirapo mu bokosi lomwelo ndi yomwe ingakupindulireni. Dziwaninso kuti CCA imalembedwa m'miyezo yosiyana, SAE, EN, JIS, DIN, ndiye manambala a mabatire awiri musawafanizire ngati zilembo zake ndi zosiyana. Batire ya sola musaike m'galimoto olo ikhale ndi Ah yambiri, siinapangidwire kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi.

Ngati batire ili mu buti

Roadster zakale, NA ndi NB, za kuyambira 1989 mpaka 2005, batire ili mu buti. Chimodzimodzi BMW Z4, 3 Series ya E90 ndi Audi TT yachiwiri. Anaziika kumbuyo kuti kulemera kugawanike bwino komanso kutsogolo kulibe malo. Batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umaphulika, komanso nthunzi ya asidi yomwe imadya chitsulo, ndiye mu buti mumafunika batire ya AGM, yomwe asidi wake anamwetsedwa mu nsalu ya galasi satayika, kapena yotsekedwa yokhala ndi kabowo m'mbali kolumikizapo kapaipi kotulutsira mpweya kunja. Kapaipi kameneka kamatayidwa kawirikawiri posintha batire, kafufuzeni, kalumikizeni, ndipo bowo la mbali inayo litsekeni ndi kachitsekerero komwe kamabwera ndi batire. Ya zivindikiro zothira madzi musaike mu buti, mudzapeza pansi pa buti padyeka.

Roadster za NA ndi NB zimafuna S46A24L, yaifupi msinkhu kuposa B24 yawamba, ndipo kuno ndi yovuta kupeza. Itanitsani nthawi ilipo kudzera kwa ogulitsa masipeya ku Blantyre, kapena pezani AGM yaing'ono yomwe ikukwana muyezo ndipo chomangira chikugwira. Roadster ya NC, kuyambira 2005, batire inapita kutsogolo ndipo ndi 46B24L. Pamene muli mu butimo gwirani pansi muone ngati muli madzi. Mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, ndipo magalimoto a denga la nsalu ali ndi timipaipi totaya madzi tomwe timatsekeka ndi masamba, madzi n'kumakhazikika pomwe pali batire ndi waya wa ethi.

Ma BMW ambiri a kuyambira chapa 2005 ali ndi kachipangizo pa waya wa negativu kotchedwa IBS komwe kamawerenga moto wolowa ndi wotuluka. Kompyuta imatchaja batire molingana ndi zaka zake, ndiye mukaika yatsopano osaiuza imapitiriza kutchaja ngati ndi yakale ija, yatsopano n'kutha msanga. Pafunika kuilembetsa ndi makina a diagnosis, ndipo ngati mwasintha Ah kapena mwachoka pa yawamba kupita pa AGM zimenezonso zilowetsedwe. Ku Blantyre amakaniko okhala ndi makinawa alipo, funsani musanapite ngati makina awo amachita zimenezi chifukwa ena amangowerenga ma code basi. Galimoto yomwe inabwera ndi AGM bwezeranimoni AGM.

Mu shopu musachite manyazi, tulutsani mita yanu. Batire yatsopano ionetse 12.5 kupita m'mwamba. Funsani tsiku lomwe inapangidwa akuonetseni pomwe ladindidwa, yomwe yakhala pa shelefu kupitirira miyezi 6 osatchajidwa isiyeni. Onani mitu ngati ilibe zipsera za chomangira, chifukwa pali ena amatsuka yakale n'kumata lebulo. Risiti ilembedwe nambala ya batire, tsiku ndi miyezi ya waranti. Kaya ndi Exide, Willard, Varta kapena Bosch, dzina lokha silikwanira ngati saizi ndi yolakwika.

Kuika kwake

Musanamasule kanthu tsitsani magalasi a zitseko ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu, chifukwa magalimoto ena amadzikhoma okha moto ukabwerera. Ma coupe ambiri monga 86, Fairlady Z, Z4 ndi TT magalasi ake alibe felemu, amatsika pang'ono mukamatsegula chitseko, ndiye popanda moto galasi limakoka labala kapena kugunda potseka. Ngati batire ili mu buti ndipo buti imatseguka ndi batani, musaitseke batire itachotsedwa, kolekani nsalu pa loko. Ngati wailesi imafuna code ipezeni kaye. Vulani wotchi yachitsulo ndi mphete, fodya kutali.

Sipanala nthawi zambiri ndi 10. Yambani kumasula negativu, nthawi zonse. Chifukwa chake n'choti bodi yonse ya galimoto ndi negativu, ndiye mukayamba ndi pozitivu sipanala ikangokhudza chitsulo moto umathetheka mwamphamvu moti sipanala imatha kuwotcherereka. Negativu ikachoka ikankhireni pambali isabwerere yokha, kenako pozitivu, kenako chomangira ndi kapaipi. Mutu ukakakamira musamenye ndi hamala kapena kutema ndi sikuludiraiva pa bokosi, futukulani chomangira pang'ono n'kupotokola. Pa BMW samalani kwambiri, IBS ija ndi yosachedwa kuthyoka, ndipo pa pozitivu pali kachipangizo kodula moto pa ngozi komwe sikafuna kumenyedwa. Nyamulani batire chilili, ndi yolemera, makilogalamu 12 mpaka 25 malinga ndi saizi.

Tsukani thireyi ndi madzi a soda, umitsani, ngati pali dzimbiri palani n'kupaka penti. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa zomangira uchotseni ndi burashi ya waya mpaka mkati muwale. Ikani yatsopano, yang'anani kawiri chizindikiro cha + chili mbali ya waya wofiira, mangani chomangira cha bokosi musanalumikize mawaya. Ichi ndi chomwe chimandipweteka mtima ndikatsegula boneti, batire ya ndalama zambiri itamangidwa ndi mphira wa chubu kapena osamangidwa n'komwe. Sports car masipuling'i ake ndi olimba, bampu iliyonse imafika pa batire, ndipo pa makona a msewu wa Thyolo kupita ku Makwasa batire yosamanga imatsetsereka, mapuleti amagwedezeka n'kuthothoka mkati, pena pozitivu kukhudza bodi galimoto n'kuyaka. Gwedezani ndi dzanja, isasunthe olo pang'ono, koma osamanga mpaka bokosi kupindika.

Polumikiza ndi mosemphanitsa: pozitivu poyamba, negativu pomaliza. Kankhirani chomangira mpaka pansi pa mutu chifukwa mutuwo ndi wonenepa m'munsi, mangani mpaka chisapotokoke ndi dzanja. Kuthetheka pang'ono pa negativu n'kwabwinobwino, koma kukathetheka kwambiri imani muone chomwe chayaka kapena ngati simunasemphanitse. Girizi kapena Vaseline pakani pamwamba mutamanga kale. Bwezerani kachivindikiro kofiira ka pozitivu, ngati kanatayika pezani kena, pansi pa boneti yotsika ndi kofunika. Asidi akakugwerani tsukani ndi madzi ambiri, akalowa m'maso tsukani mphindi 15 osalekeza kenako thamangirani kuchipatala, kaya pa Boma, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo, pomwe pali pafupi.

Mukamaliza galimoto ikhoza kuchita zachilendo, musaope. Tsegulani kiyi pa ON masekondi 15 kapena 20 musanalize, kenako isiyeni ilire yokha mphindi 10 osaponda, zonse zitazima. Ma Subaru ndi ma Nissan pena amanjenjemera kapena kuzima pa mphambano tsiku loyamba mpaka kompyuta itazoloweranso. Laiti ya DSC, chipangizo choteteza galimoto kuterereka, ikayaka pa RX-8 kapena BMW, potokolani chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere kenako kumanja injini ikulira. Magalasi akasiya kukwera okha, tsitsani mpaka pansi, kwezani mpaka pamwamba n'kugwirabe batani masekondi angapo. Yezaninso pa batire injini ikulira muone 13.8 mpaka 14.5 ija.

Kuti isafenso

Kuiliza mphindi 5 pabwalo m'mawa uliwonse sikutchaja batire, mukungochotsa moto wa sitata osaubweza wonse. Bola kamodzi pa sabata muyende nayo ulendo wa mphindi 30 kapena 40, monga kuchoka pa Chitakale kukafika ku Luchenza n'kubwerera. Ngati ikhala kupitirira masabata awiri, pa za Chijapanizi zakale ingomasulani negativu. Pa BMW ndi Audi bola katchaja kakang'ono kodzizimitsa kokha, ndipo pa za IBS waya wakuda wa tchaja mangani pa bodi osati pa mutu wa batire. Poti magetsi amathimathima, kasola ka 10W kapena 20W kokhala ndi regulator kamagwira ntchito yomweyo, koma popanda regulator ayi. Kokatsukitsa galimoto kapena pa ukwati musasiye nyimbo zikugunda maola awiri injini itazima.

Ikaphwa moto wonse musadalire alternator kuti idzadzitse, ichotseni mukaitchajitse pang'onopang'ono, moto wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a Ah yake, ndiye ya 45Ah pa 4A kapena 5A usiku wonse. Kotchajitsa mabatire pa msika auzeni kuti simukufuna ya changu, ndipo ngati ndi AGM asaitsegule kuthiramo madzi kapena asidi, komanso isapyole chapa 14.7. Ya zivindikiro onjezerani madzi a batire okha, osati a pa mjigo, osatinso asidi. Pojampa, wofiira pozitivu ku pozitivu, wakuda kuchoka pa negativu ya galimoto yothandiza kupita pa chitsulo cha injini yanu, ndipo zina za batire ya mu buti monga BMW zili ndi malo ojampira pansi pa boneti. Malole a tiyi ambiri ndi a 24V, mabatire awiri olumikizana, musalole munthu akujampireni kuchokera pa onse awiri.

Batire yakale musaisiye kuseri kwa nyumba pomwe ana amasewera, ndipo asidi wake musathire pansi kapena mu mtsinje, mtovu ndi poizoni woopsa makamaka kwa ana. Pitani nayo pokagula yatsopano, ogulitsa ambiri amailandira ndipo ena amachotserako mtengo, ingofunsani musanalipire. Poinyamula ikhale chilili mu katoni kapena beseni lapulasitiki, mutaitsekereza kuti isagwe panjira.